Muli ndi mlandu wakale ndipo mukufunsira malo ku yunivesite ya ku Britain: muulule liti, kwa yani, motani

Fomu yofunsira malo ikafika pa funso lakuti kodi khoti linakupezaniponi wolakwa, anthu amene ali ndi mlandu wakale amakonda kulakwitsa m'njira ziwiri. Ena amachonga kuti ayi msangamsanga, n'kumangopemphera kuti zisadzadziwike. Ena amakhuthula mbiri yonse, ngakhale pamene palibe wawafunsa, poganiza kuti kuona mtima n'komweko. Woyambayo akhoza kuchotsedwa sukulu ali m'chaka chachiwiri, fizi atalipira kale. Wachiwiriyo amapatsa anthu chifukwa chomukayikira pa nkhani imene lamulo linamulola kuisiya m'mbuyo. Chofunika n'kuyankha funso lenileni lomwe mwafunsidwa, moona, pa nthawi yake, kwa munthu woyenera. Malangizowa akutsata malamulo a ku England ndi Wales. Scotland ndi Northern Ireland ali ndi malamulo awoawo, choncho ngati yunivesite yanu ili ku Glasgow kapena ku Belfast, zaka zimene nditchule pano musazitenge ngati zanu.

Choyamba: dziwani chimene chinalembedwa

Musadalire kukumbukira. Munthu amene anaimapo pakhoti zaka 8 zapitazo amakumbukira mantha a tsikulo, koma dzina lenileni la mlandu, tsiku la chigamulo ndi kutalika kwa chilango zimasokonekera. Zitatu zimenezi ndiye maziko a zonse zotsatira.

Ngati mlandu unachitikira ku Britain, pemphani mbiri yanu ku ACRO Criminal Records Office, ofesi imene imapereka zomwe zili m'kaundula wa apolisi zokhudza inuyo. Pepala limeneli ndi lanu, loti muwerenge nokha. Si loti mutumize ku yunivesite, chifukwa limaonetsa zonse, ndi zomwe simukuyenera kuulula zomwe.

Ngati mlandu unachitikira ku Malawi, pitani kukhoti lomwe linaweruza mukapemphe kope la chigamulo, ndipo muyambe msanga kutsata chiphaso cha polisi chosonyeza mbiri yanu, chimene chimafuna kuti akutengeni zidindo za zala. Likulu la polisi lili ku Area 30 mu Lilongwe. Amene munakhalapo ku South Africa mudzafunika china chochokera ku Criminal Record Centre ya apolisi ku Pretoria. Mapepala amenewa sachedwa pang'ono, ndiye musadikire kuti yunivesite iwapemphe kaye.

Apa pali msampha umene umakola anthu ambiri akwathu. Munthu anagwidwa pa chipikisheni cha apolisi, m'mawa mwake anaima pamaso pa majisitireti, anavomera mlandu kuti zithe, abale analipira chindapusa, iye n'kubwerera kunyumba. Mumtima mwake amati sanamangidwepo, poti sanagoneko ku Maula kapena ku Chichiri. Koma kuvomera mlandu pakhoti n'kupatsidwa chilango, ngakhale cha ndalama, ndiko kupezeka wolakwa. Zimasiyana ndi ndalama imene mumalipira wapolisi wa pamsewu n'kulandira lisiti osapita kukhoti, zimasiyananso ndi kugona m'chitokosi n'kutulutsidwa popanda mlandu. Ngati mlandu wanu unali wa vakabu, dziwaninso kuti mu 2017 Khoti Lalikulu la Malawi, pa mlandu wa Gwanda, linagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu ndi zilango ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Mfundo imeneyi ndi yoyenera kuitchula pofotokoza mlandu wotere.

Chachiwiri: ngati muli kunja kwa Britain, yambani ndi viza

Ambiri amaika nkhani ya viza kumapeto. Ine ndimaiika pano, chifukwa ndi yomwe ingagwetse zonse mutawononga kale ndalama.

Fomu ya viza ya ophunzira imafunsa za milandu yonse, ya m'dziko lililonse, yakale ndi yatsopano, mpaka machenjezo a apolisi ndi zilango za pamsewu. Lamulo loiwalitsa milandu limene tikambe m'munsimu siligwira ntchito pa nkhani zolowa m'dziko. Kuyambira pa 1 Disembala 2020, munthu amene anagamulidwa kukhala kundende miyezi 12 kapena kupitirira amakanidwa viza, ngakhale patapita zaka zambiri. Amene chilango chake chinali chochepera apo, kapena sichinali cha ndende, akhoza kupatsidwa kapena kukanidwa malinga ndi mmene wounika waonera nkhani yake. Koma amene wanama pa fomu akhoza kuletsedwa kulowa m'dzikolo kwa zaka 10. Taganizani: chindapusa chimene mwina sichikanatsekereza viza, mukachibisa chimasanduka chiletso cha zaka 10.

Choncho musanalipire dipoziti ya fizi, funsani ofesi ya yunivesite yoona za ophunzira ochokera kunja, kapena bungwe la UKCISA limene limalangiza ophunzira otere, kapena loya wodziwa malamulo olowera m'dziko. Funsaninso ngati dipozitiyo imabwezedwa viza ikakanidwa. Mayunivesite ambiri amabweza, kupatula pamene chifukwa chokanira chili chinyengo.

Ndipo ngati pali ejenti amene akukulemberani mafomu, khalani naye pansi muwerenge yankho lililonse asanatumize. Ena amangochonga ayi pa mafunso onse a milandu osakufunsani n'komwe. Dzina lomwe lili pa fomuyo ndi lanu, ndipo chilango chidzagwera inu.

Chachitatu: maphunziro anu ali mbali iti?

Kale aliyense wofunsira digiri yoyamba kudzera ku UCAS, bungwe limene limalandira mafomu ofunsira malo m'mayunivesite a ku Britain, ankafunsidwa za milandu. Kuyambira ndi ophunzira olowa mu 2019, UCAS inachotsa funsoli kwa anthu ambiri. Ngati mukufuna kuphunzira zachuma, zaulimi, zamakompyuta, mbiri yakale kapena uinjiniya, fomu ya UCAS sikufunsani chilichonse, ndipo inunso musayambitse nkhaniyo pamenepo.

Funso linatsala pa maphunziro amene amatsogolera ku ntchito zokhudza ana, odwala ndi akuluakulu osatha kudziteteza: udokotala, unamwino, uzamba, uphunzitsi, ntchito yoona za chisamaliro cha anthu, ndi ena otere. Kumeneku yunivesite idzapempha kafukufuku wozama wa mbiri yanu ya milandu wochokera ku Disclosure and Barring Service, bungwe lomwe anthu amangoti DBS, limene linakhazikitsidwa mu 2012. Popeza DBS simaona makaundula a mayiko ena, amene munakhalapo kunja mudzapemphedwanso chiphaso cha polisi cha dziko lililonse lomwe munakhalako nthawi yaitali. Ndiye chifukwa chake ndinati muyambe kuchitsata msanga.

Musaganize kuti mbali yoyamba ija mwapulumukiratu. Mayunivesite ena amafunsa okha mutalandira kale malo, kapena pamene mukupempha chipinda m'nyumba zogona ophunzira. Kawirikawiri amafunsa za milandu imene sinathe nthawi yake (tifotokoza tanthauzo lake m'gawo lachinayi) komanso ya mitundu yoopsa: kuvulaza munthu, nkhanza zokhudza kugonana, kugulitsa mankhwala ozunguza bongo, mfuti, kutentha katundu mwadala ndi uchigawenga. Amene mukufunsira digiri yachiwiri, imene nthawi zambiri imafunsidwa ku yunivesite mwachindunji osadzera ku UCAS, mudzakumana ndi fomu ya yunivesiteyo, ndipo iliyonse ili ndi kafunsidwe kake. Fufuzani pa tsamba lawo la pa intaneti ndondomeko yawo yokhudza ofunsira malo amene ali ndi milandu. Yunivesite imene sinalembe ndondomeko yotere poyera, kapena imene imafunsa aliyense za mlandu uliwonse popanda kusiyanitsa, yakuuzani kale kanthu ka mmene idzakulandirireni.

Chachinayi: werengerani ngati mlandu wanu unatha nthawi

Kwathu timati mlandu suwola. Lamulo la ku England la mu 1974, lotchedwa Rehabilitation of Offenders Act, linasankha njira ina: pakapita nthawi yoikika munthu osapalamulanso, mlandu wake umakhala wotha nthawi, pa mafomu amalemba kuti spent, ndipo akafunsidwa ali ndi ufulu woyankha ngati kuti sunachitike. Lamuloli limakhudzanso milandu yoweruzidwa kunja, ndipo amaiyeza pofananiza chilango chake ndi cha kumeneko.

Nthawi zimenezi zinafupikitsidwa pa 28 Okutobala 2023. Kwa munthu amene anali ndi zaka 18 kapena kuposa pa tsiku la chigamulo, chindapusa chimatha pakapita chaka chimodzi kuchokera pa tsikulo. Chilango chogwira ntchito m'dera chimatha tsiku lomwe lamulo la khotilo latha. Ukaidi wosapitirira chaka chimodzi umatha pakapita chaka chimodzi chilango chitatha. Wopitirira chaka chimodzi mpaka zaka 4 umafuna zaka 4, ndipo wopitirira zaka 4 umafuna zaka 7, kupatula milandu ikuluikulu ya chiwawa, ya kugonana ndi ya uchigawenga, imene ikalandira chilango chotalika chotere siitha konse. Kwa amene anali asanakwane zaka 18, nthawi za ukaidi ndi chindapusa zimadulidwa pakati.

Samalani powerengera. Pa ukaidi, kuwerenga kumayambira pamene chilango chonse chomwe woweruza anatchula chathera, osati tsiku limene munatuluka pachipata. Tiyerekeze kuti munagamulidwa miyezi 18 mu Januwale 2019 ndipo munatulutsidwa msanga. Chilangocho chinatha mu Julayi 2020, ndiye mukaonjezera zaka 4, mlandu unatha nthawi mu Julayi 2024. Chilango cha ndende choimikidwa, chija amati bwererani kunyumba koma mukapalamulanso mudzalowa, chimawerengedwa ngati ukaidi ndithu. Ndipo mlandu wachiwiri wopalamulidwa woyamba usanathe ukhoza kukokera woyambawo patsogolo. Bungwe la Unlock, lomwe limathandiza anthu amene ali ndi mbiri ya milandu, lili ndi chowerengera pa intaneti chothandiza pa masamu amenewa, ndipo bungwe la Nacro nalonso limapereka uphungu.

Pa unamwino, udokotala, uphunzitsi ndi anzawo aja, nkhani ndi ina. Kumeneko ngakhale mlandu wotha nthawi umaululidwa, pokhapokha ngati uli m'gulu la milandu yotetezedwa, imene DBS imasefa kuti isaoneke. Malinga ndi malamulo amene anasinthidwa pa 28 Novembala 2020, mlandu wa munthu wamkulu umasefedwa pakapita zaka 11, wa mwana pakapita zaka 5 ndi theka, bola chilango chake chisakhale cha ndende ndipo mlanduwo usakhale pa mndandanda wa milandu yosasefedwa. Chenjezo la apolisi kwa munthu wamkulu limasefedwa pakapita zaka 6 ngati mlandu wake suli pa mndandandawo. Chilango cha ndende, ngakhale choimikidwa, sichisefedwa.

Chachisanu: yankhani pomwe afunsa, osati paliponse

Werengani funso kawiri, liwu ndi liwu. Likati milandu yosatha nthawi, ndipo wanu unatha, yankho loona ndi ayi, ndipo simunaname. Likati milandu ya mitundu yakutiyakuti, wanu mulibemo, yankho ndi ayi. Likafunsanso za milandu imene ikadali kukhoti, ndipo inu muli pa belo, yankho ndi inde ngakhale chigamulo chisanaperekedwe. Funso likakhala losamveka, lemberani ofesi yolandira ophunzira muwafunse tanthauzo lake. Mukhoza kufunsa musanatumize fomu, osatchula tsatanetsatane wa nkhani yanu.

M'gawo lija la fomu lomwe mumafotokoza chifukwa chimene mukufunira maphunzirowo, musaikemo mlandu. Gawo limenelo limawerengedwa ndi aphunzitsi a m'dipatimenti, anthu amene mudzakhala nawo m'kalasi zaka 3, ndipo ntchito yawo n'kuyeza luso lanu la maphunziro. Nkhani ya mlandu imapita kwa anthu ochepa osankhidwa, amene lamulo loteteza mbiri za anthu limawakakamiza kusunga chinsinsi. Alipo ena amene mbiri yawo ndiyo inawakokera ku maphunziro a zamalamulo kapena a zaupandu, ndipo amafuna kuinena poyera. Ndi ufulu wawo, koma akhale atasankha dala, podziwa kuti mawu akatuluka sabwerera.

Kumbukiraninso masiku. Kwa ofunsira udokotala, komanso malo ku Oxford ndi Cambridge, kulandira mafomu kumatseka pa 15 Okutobala, pamene kwa ena ambiri kumatseka mu Januwale. Mapepala a milandu akhale m'manja masiku amenewa asanafike.

Chachisanu ndi chimodzi: kalata yofotokoza

Mukachonga inde, adzakulemberani kupempha tsatanetsatane. Apa ndi pomwe mlandu wanu umaweruzidwa kachiwiri, ndipo kalata yabwino imasintha zambiri. Isapitirire tsamba limodzi.

Yambani ndi zenizeni, monga zalembedwera m'chigamulo: mlandu wake, khoti lake, tsiku, chilango, ndi zaka zomwe munali nazo. Musafewetse dzina la mlandu. Ngati pepala likuti kuba, inu musalembe kuti kusamvana pa nkhani ya katundu. Owerengawo adzakhala ndi mapepala onse awiri patebulo, ndipo akaona kusiyana adzayamba kukayikira chiganizo chilichonse chotsatira.

Kenako fotokozani mwachidule mmene zinthu zinalili, koma musiyanitse kufotokoza ndi kudzilungamitsa. Kunena kuti nthawi imeneyo munkamwa kwambiri, kapena kuti munali mutangotaya kholo ndipo munalowerera m'gulu loipa, n'kufotokoza. Kunena kuti wapolisi ankadana nanu, woweruza anali wokondera, ndipo mnzanu ndi amene anayambitsa, n'kubwereza mlandu pamaso pa anthu amene alibe mphamvu yosintha chigamulo. Ngakhale zitakhala zoona, iwo amamva kuti munthuyu sanavomereze mbali yake. Ngati mukukhulupiriradi kuti munaweruzidwa molakwika, nenani m'chiganizo chimodzi, tchulani ngati munachita apilo, n'kupitirira.

Gawo lalikulu la kalata likhale la zimene zachitika kuyambira pamenepo, ndipo zikhale zinthu zoti munthu akhoza kutsimikizira: ntchito imene mwagwira ndi kutalika kwake, maphunziro amene mwamaliza, uphungu kapena chithandizo chomwe munalandira, ngongole kapena chipukuta misozi chimene munabweza. Mawu akuti ndinasinthika aliyense amalemba. Zaka 5 pantchito imodzi yogwira ndalama za kampani popanda dandaulo zimalankhula zokha kwa munthu amene akuunika mlandu wa kuba.

Kalatayo mudzailemba m'Chingelezi, koma maganizo ake akhale ngati awa: "Mu 2017, ndili ndi zaka 20, khoti la majisitireti linandipeza wolakwa pa mlandu womenya munthu, ndipo ndinalipira chindapusa. Zinachitika pa ndewu ndili woledzera. Kulakwa kunali kwanga, ndipo munthuyo anavulala chifukwa cha ine. Kuyambira chaka chimenecho sindinakhalenso ndi mlandu wina. Ndinasiya mowa, ndinamaliza dipuloma, ndipo kwa zaka 4 ndakhala ndikugwira ntchito yosamalira okalamba. Abwana anga akudziwa za mlanduwu ndipo alemba kalata yomwe ndaphatikiza."

Malizani ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri zokhudza chimene iwo akuopadi: kodi ophunzira anzanu, odwala kapena ana adzakhala otetezeka muli pafupi? Yankhani funso limenelo mwachindunji. Kupempha chifundo kapena kutchula mavuto a banja lanu sikuyankha funsoli.

Chachisanu ndi chiwiri: sankhani mboni yodziwa nkhani

Kalata ya abusa, a shehe kapena a mfumu yongoti uyu ndi mwana wamakhalidwe abwino, osatchula mlandu, siithandiza kwenikweni, chifukwa owerenga amaganiza kuti wolembayo sakudziwa. Pezani munthu amene akudziwa mlanduwo, anakuonani pambuyo pake kwa nthawi yaitali, ndipo akhoza kulemba kuti ndikudziwa zimene zinachitika, nazi zomwe ndaona kuyambira pamenepo. Bwana wa kuntchito, mphunzitsi, kapena ofisala amene ankakuyang'anirani pa chilango ndi abwino kuposa wachibale. Zikutanthauza kuti mwina muyenera kuuza munthu amene sankadziwa. N'zowawa, koma kulibwino amve kwa inu kusiyana n'kudzamva yunivesite ikamuimbira.

Chachisanu ndi chitatu: pamaso pa komiti

Mayunivesite ambiri amayamba aona ngati mwakwanitsa za maphunziro, kenako nkhani ya mlandu imapita ku komiti yapadera. Komitiyo imayang'ana kukula kwa mlandu, nthawi imene yapitapo, msinkhu wanu pa nthawiyo, ngati unali umodzi kapena wobwerezabwereza, ndiponso ngati ukukhudzana ndi maphunzirowo. Akakuitanani, kaya pamaso kaya pa kanema wa pa intaneti, yesererani kunena nkhani yanu mokweza kwa munthu amene mumamukhulupirira mpaka mutha kuinena osanjenjemera komanso osakwiya. Zimene munene zigwirizane ndi zomwe munalemba.

Inunso funsani. Ndani adzaone mapepalawa, ndipo adzasungidwa nthawi yaitali bwanji? Ngati maphunzirowo ali ndi nthawi yokaphunzira ntchito kuchipatala kapena kusukulu, kodi malo amenewo adzakulandirani? Funso lomalizali n'lofunika kwambiri, chifukwa yunivesite ikhoza kukulolani koma chipatala n'kukana, ndipo popanda maola a kuchipatala digiri ya unamwino siitheka. Kupatula apo, mukamaliza mudzayenera kulembetsa ku bungwe loyang'anira ntchitoyo, monga Nursing and Midwifery Council kwa anamwino ndi azamba, General Medical Council kwa madokotala, kapena Social Work England, ndipo nawonso adzaunika khalidwe lanu paokha. Kuloledwa ndi yunivesite si lonjezo lakuti bungwelo lidzakulembani. Werengani malangizo awo musanalipire fizi ya chaka choyamba.

Nthawi zina yankho limakhala inde wokhala ndi malire, monga kuti muphunzire koma musagone m'nyumba za yunivesite, kapena muzikumana ndi mlangizi nthawi ndi nthawi. Pemphani kuti malirewo alembedwe, pamodzi ndi tsiku lomwe adzawaunikenso.

Akakukanani, ndiponso mukalowa

Pemphani zifukwa zolembedwa, ndipo onani ngati anatsata ndondomeko yawo yomwe. Ngati anaganizira mlandu wotha nthawi pa maphunziro amene sayenera kutero, kapena sanakupatseni mpata wofotokoza, dandaulani kudzera m'njira ya yunivesiteyo, ndipo nthawi yochitira zimenezi imakhala yochepa. Mayunivesite saona nkhanizi mofanana, choncho pa malo 5 amene UCAS imalola kusankha, musaike onse m'masukulu a ndondomeko yolimba. Ngati mwawerengera n'kupeza kuti mlandu wanu utha nthawi pakangopita miyezi ingapo, ndipo maphunziro anu si a m'gulu la DBS, kudikira chaka chotsatira kungachititse kuti funsolo lisakukhudzeninso.

Mukalowa, sungani kope la zonse zimene munaulula pamodzi ndi kalata yokuvomerezani, chifukwa ogwira ntchito m'maofesi amasintha ndipo mwina wina adzafunsanso. Werenganinso malamulo a ophunzira: ambiri amafuna kuti mukamangidwa kapena kuimbidwa mlandu watsopano muli pasukulu, munene mwamsanga, ndipo pa maphunziro a unamwino, udokotala ndi uphunzitsi mumasainira chaka ndi chaka kuti palibe chimene chasintha.